Mafunso Anu: Masewero a pa TV a ku Germany amakoka anthu ndi chiyani?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndili ndi mchemwali wanga anakwatiwa ku Germany, ndiye tikamacheza pa foni ikangokwana nthawi inayake amangoti ndikuimbiraninso achimwene sewero langa layamba, basi foni kudula. Ndinayesa kuonera tizidutswa pa YouTube koma zomwe ndinaona ndi anthu kulira, kunamizana, wina wachita ngozi waiwala mkazi wake, wina anamwalira kalekale wabweranso wamoyo. Ine ndimamva kuti anthu akumeneko sakonda zachibwana, nanga zimenezi amazikonda bwanji? Kodi mlongo wangayu ndimudandaule?
Mlongo wodabwa

YANKHO: Achimwene, mtima m'malo, mchemwali wanuyo ali bwinobwino ndipo sali yekha. Zomwe mwaonazo sindikutsutsani, zilimodi, ndipo zina kuposa pamenepo. Sewero la Verbotene Liebe lomwe linkaonetsedwa pa kanema wa ARD kuyambira 1995 mpaka 2015 linayamba ndi mnyamata Jan ndi mtsikana Julia kukondana osadziwa kuti ndi mapasa omwe anasiyanitsidwa ali makanda. M'sewero lomwelo munali mayi wina wankhanza dzina lake Clarissa, aliyense ankadziwa kuti anafa pa ngozi ya ndege, patapita zaka zambiri uyo watulukira wamoyo. Ndiye inde kukokomeza kulipo.

Koma taganizani mmene amapangira zinthuzi. Gute Zeiten, schlechte Zeiten, lomwe eni ake amangoti GZSZ, linayamba pa kanema wa RTL pa 11 May 1992 ndipo mpaka pano likuonetsedwabe Lolemba mpaka Lachisanu nthawi ya 19:40, magawo ake anadutsa kale 8000. Ndiye kuti tsiku lililonse la ntchito olemba ndi ojambula akuyenera kutulutsa gawo latsopano lathunthu, ndipo gawo lililonse likuyenera kuthera pamalo poti munthu mawa abwerenso. Banja likangokhala pa mtendere nkhani yatha, nde olembawo atani? Amabweretsa kalata yobisidwa, mwana wakunja, chuma cha masiye, ngozi, kuiwala zonse. M'zaka zoposa 30 munthu mmodzi wa m'sewero amakumana ndi mavuto okwanira mudzi wonse.

Ine maganizo anga ndi akuti chomwe chimagwira anthu kwenikweni ndi nthawi yomwe akhala limodzi ndi anthu a m'seweromo. Loya wachinyengo wa mu GZSZ, Jo Gerner, wakhala akuseweredwa ndi bambo mmodzi yemweyo, Wolfgang Bahro, kuyambira 1993. Pali anthu anayamba kumuonera ali ana asukulu pano ali ndi ana awo, iye tsitsi layera ali pa TV pompo, chinyengo sanasiye. Munthu woteroyo umamudziwa ngati neba, ukangomuona akumwetulira umadziwiratu kuti wina alira. Inu mwaonera tizidutswa, nchifukwa chake mwangoona misozi yokhayokha, pamene mchemwali wanu akamaona mayi akulira amakumbukira zonse zomwe mayiyo wadutsamo miyezi yapitayi.

Ndipo pali limodzi lomwe ndimalipatsa ulemu kwambiri, Lindenstraße. Linayamba pa 8 December 1985 n'kutha pa 29 March 2020, magawo 1758, kamodzi pa sabata Lamulungu madzulo. Nkhani yake inali ya anthu wamba okhala mumsewu umodzi ku Munich ngakhale ankajambulira ku Köln, ndipo amene analiyambitsa, Hans W. Geißendörfer, anatengera nzeru ku sewero la ku Britain la Coronation Street. Limeneli silinkathawa zomwe dziko likukambirana. M'zaka za m'ma 1980 anthu akuopa ngakhale kutchula Edzi, iwo anaonetsa bambo wina wa m'sewero akudwala mpaka kumwalira nayo, anthu n'kumalira m'manyumba mwawo ngati wafayo ndi m'bale wawo. Mu 1990 anaonetsa amuna awiri akupsompsonana, kunali phokoso dziko lonse mpaka osewerawo kulandira makalata owaopseza. Komanso tsiku la chisankho, poti ku Germany amavota Lamulungu, ankajambuliratu mbali zingapo kuti madzulo omwewo anthu a m'sewero azikambirana zotsatira zenizeni zomwe zangotuluka kumene. Tangoganizani, mwangomva pa nkhani kuti chipani chakuti chatsogola, pasanathe ola Mutter Beimer, mayi wotchuka wa m'seweroli, ndi maneba ake akukambirana zomwezo pabalaza. Apa mpomwe ndimati amene amanyoza masewerowa kuti ndi zopanda mutu sanawaonetsetse. Andale nawo amadziwa mphamvu yake, Gerhard Schröder anaonekerapo mu GZSZ mu 1998, chaka chomwe anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa boma.

Tsono ngati mchemwali wanu amadula foni masana, ndikuganiza kuti ndi Sturm der Liebe. Limeneli linayamba mu 2005 pa ARD, nkhani yake imachitikira pa hotela yapamwamba yotchedwa Fürstenhof ku Bavaria, m'mudzi wongopeka wa Bichlheim. Anakonza zoti likhale la magawo 100 okha koma anthu analikonda mpaka lero likadalipo, ndipo linagulitsidwa kumayiko ena ambiri, ku Italy amalikonda zedi. Kachitidwe kake n'kosabisa, mnyamata ndi mtsikana akumana, pabwera mayi woipa mtima wowasokoneza, avutika miyezi yambirimbiri kenako ukwati, iwo achoka pabwera awiri ena. Woonera amadziwiratu kuti mapeto ake ndi ukwati, ndipo kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo, kunja kukuzizira, chilankhulo n'chachilendo, kukhala ndi chinthu chimodzi chomwe ukudziwa kuti chitha bwino si chinthu chaching'ono ayi. Ine sindingamuweruze. Mumufunse kuti mayi woipa wa pakali pano ndi ndani, muona mmene foniyo italikire.

FUNSO: Ndikuphunzira Chijeremani, kodi masewero amenewa angandithandize kapena ndingotaya nthawi?
Mtsikana wa kalasi ya madzulo

YANKHO: Angakuthandizeni kwambiri achemwali, chifukwa mawu ake ndi a tsiku ndi tsiku ndipo amabwerezabwereza, kupepesa, kukangana, kufunsira, kuitanitsa khofi, komanso nkhope zawo zimakuuzani tanthauzo musanamve n'komwe mawuwo. Yambani ndi Sturm der Liebe kapena Rote Rosen, lomwe limachitikira ku Lüneburg, poti amalankhula modekha kusiyana ndi achinyamata a ku Berlin a mu GZSZ omwe amathamanga komanso kumeza mawu. Pa ARD Mediathek, tsamba la pa intaneti loonerapo mapulogalamu a ARD, mutha kuyatsa mawu olembedwa m'munsi, kungoti mapulogalamu ena saoneka ukakhala kunja kwa Germany. Chongosamala, muzimvetsera nthawi yomwe akunena du ndi nthawi yomwe akunena Sie, chifukwa du ndi wa anzanu ndi abale, kwa aphunzitsi anu kapena abwana kuntchito muziti Sie mpaka iwo eni atakuuzani kuti musinthe.