Gulu lathu la akalipentala lingapeze bwanji satifiketi ya B Corp?

Funso: Ndife akalipentala 14, ambiri ndife ana ndi zidzukulu za Amalawi, ndipo timakhoma mipando ku Glen View Area 8 mumzinda wa Harare. Bizinesi ndi yathu tonse, phindu timagawana mofanana, koma sitinalembetse kuboma. Tilinso ndi anyamata asanu amene timawalipira pa tsiku. Mwini sitolo wina wa ku Cape Town wakonda matebulo athu a mlombwa, koma akuti tikhale ndi satifiketi ya B Corp kapena ya fair trade. Munthu wina akuti timupatse ndalama atilembetsere PBC, ati ndi chimodzimodzi. Kodi ndi zoona? Ndine wapampando wa gululi, ndimakhala ku Mufakose.

Yankho: Bambo wapampando, ndalamazo zikhale kaye m'thumba la gulu. Zimene wakuuzani munthuyo si zoona. Kuno ku Zimbabwe, PBC ndi Private Business Corporation, kampani yaing'ono ya mamembala osaposa 20, yolembetsedwa pansi pa Companies and Other Business Entities Act, Chaputala 24:31, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu February 2020. Ku America, m'chigawo cha Delaware, zilembo zomwezo zimaimira Public Benefit Corporation, mtundu wa kampani umene malamulo a kuno alibe. Ndipo ngakhale kumeneko, kulembetsa kampani yoteroyo sikupatsa munthu satifiketi ya B Corp.

Satifiketiyi, imene imachitira umboni kuti bizinesi imasamala antchito, anthu a m'dera ndi chilengedwe, sichokera kuboma lililonse. Amapereka ndi a B Lab, bungwe losachita malonda limene linayamba mu 2006 ku Pennsylvania, ndipo ofesi yawo ya mu Africa ili ku Nairobi. Palibe dobadoba amene angakuguleni chikalatachi pa windo la ofesi ina m'tauni muno. Mumafunsira nokha pa intaneti, umboni wanu umafufuzidwa, ndipo mukapambana mumalipira chaka ndi chaka molingana ndi ndalama zimene bizinesi imalowetsa.

Tsono pakali pano simungafunsire n'komwe, chifukwa pamaso pa lamulo gulu lanu kulibe. Alipo ndi amuna 14 amene aliyense angagwidwe payekha pa ngongole ya gulu. Ine ndikanakhala pakati panu ndikanasankha kopaletivi, pansi pa Co-operative Societies Act, Chaputala 24:05. Pamafunika anthu osachepera khumi, malamulo a gulu olembedwa bwino, ndi maminitsi a msonkhano umene munagwirizana zoyambitsa gululo. Zonsezi zimapita kwa Registrar wa makopaletivi, amene ali mu unduna woona za amayi ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Ubwino wa kopaletivi ndi woti membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya anasonkha zambiri kaya zochepa, ndipo mkangano wa mamembala umayambira kwa Registrar musanaganize za khoti. Mu kampani wamba mphamvu imatsata masheya, ndiye mawa wina akagula masheya a anzake atatu, uja umwini wa tonse wathera pomwepo.

Apa ndipatuke pang'ono, popeza ndikudziwa kwathu. Polembetsa adzafuna zitupa za mamembala onse, ndipo m'mabanja athu ambiri mudakali zitupa zolembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo. Ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko a 2013 imati munthu wobadwira muno malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, ndipo ankakhala muno panthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Amene zikumukhudza apite akasinthe chitupa, zidzamuthandizanso ku banki.

Mukalembetsa, a B Lab amafuna bizinesi yofuna phindu imene yagwira ntchito miyezi 12, komanso kuti cholinga chanu chilembedwe m'malamulo a gulu. Ndime yake imanena kuti bizinesi ilipo kuti ipindulirenso anthu ndi chilengedwe, ndipo atsogoleri posankha zochita aziganizira antchito, ogula, ogulitsa matabwa ndi anthu a m'dera. Ikani ndimeyi m'malamulo oyambirira omwewo. Mukadzaiwonjezera pambuyo pake, mudzayenera kuitanitsa msonkhano waukulu, ndipo kusinthako sikugwira ntchito mpaka Registrar atavomereza.

Kale muyezo wa B Lab unali wa mapointi: munthu ankafunika 80 mwa 200, ndipo gulu la eni ake antchito linkakolola ambiri pa umwiniwo. Mu April 2025 a B Lab anatulutsa muyezo watsopano wa mitu isanu ndi iwiri, monga ntchito yachilungamo, ufulu wa anthu, nyengo ndi chisamaliro cha chilengedwe. Tsopano mutu uliwonse uli ndi zofunika zake, ndipo kuchita bwino pa wina sikukwirira pamene mwalephera.

Nkhani imene ikundivuta mumtima ndi ya anyamata asanu aja. M'kalata yanu mwawatchula mongodutsa, koma wofufuza aliyense adzayambira pa iwo. Inu 14 ndinu eni, iwo ndi antchito anu, ndipo pa iwo ndinu abwana monga bwana wina aliyense. Ndime 12 ya Labour Act, Chaputala 28:01, imati waganyu amene wagwira kwa bwana mmodzi kupitirira masabata asanu ndi limodzi m'miyezi inayi yotsatizana amasanduka wantchito wokhazikika. Ngati anyamatawo amabwera m'mawa uliwonse kudzapala matabwa ndi kupaka vanishi, lamulo linasiya kale kuwaona ngati aganyu. Ayenera kulandira kalata yofotokoza ntchito, maola ndi malipiro awo. Malipirowo asatsike pa mlingo umene NEC (khonsolo ya olemba ntchito ndi antchito) ya makampani opanga mipando inakhazikitsa, ndipo alembetsedwe ku NSSA, bungwe la boma la penshoni ndi chipukuta misozi cha antchito, kuti makina akadula chala cha wina pakhale chipukuta misozi. Onaninso zaka zawo: mwana wosakwana zaka 16 salembedwa ntchito, ndipo wosakwana 18 sapatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe. Macheka amagetsi ndi utsi wa thinner zili m'gulu limenelo.

Ine ndingakondwe mutapitirira pamene lamulo lalekezera. Lembani m'malamulo anu njira yoti mnyamata amene wagwira nanu nthawi yakutiyakuti azitha kukhala membala, n'kumalipira gawo lake pang'onopang'ono. Popanda khomo limeneli, pakapita zaka gulu lanu lidzakhala la eni ochepa okalamba ndi antchito ambiri opanda mawu, ndipo dzina loti bizinesi ya antchito lidzangotsala papepala.

Za matabwa: mlombwa, umene kuno amati mukwa, ndi mtengo wachilengedwe, ndipo kudula ndi kunyamula kwake kumafuna zilolezo za Forestry Commission. Gulani kwa amene angakuonetseni mapepala, ndipo sungani lisiti la thabwa lililonse. Lembetsaninso ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, mupeze chikalata cha ITF 263 chosonyeza kuti misonkho yanu ili m'malo, tsegulani akaunti ya banki m'dzina la gulu, ndipo ndalama za ogula zisiye kulowa pa akaunti ya pafoni ya EcoCash ya msungichuma. Popeza moto wapsereza mashedi a Area 8 kangapo, jambulani mapepala onse ndi foni, makope ena akakhale kunyumba.

Mawu oti fair trade, kutanthauza malonda achilungamo kwa alimi ndi opanga katundu, nawonso ali pawiri. Chizindikiro cha Fairtrade chimene chimaoneka pa khofi, tiyi kapena shuga wonga wa alimi a Kasinthula ku Chikwawa chimakhudza makamaka mbewu. Opanga zinthu ndi manja amalowa mu World Fair Trade Organization, imene ili ndi mfundo khumi ndipo imayesa bizinesi yonse: mumadziyesa nokha polemba, anzanu a m'bungwemo amakuyenderani, kenaka kumabwera wofufuza. Kwa gulu la msinkhu wanu ndikuona kuti njira iyi ndi yoyandikira kuposa B Corp.

Choncho mulembereni wa ku Cape Town uja sabata ino. Anene m'kalata satifiketi imene akufuna, kuchuluka kwa matebulo amene adzagule, ngati angayambe kugula inu muli mkati mofunsira, ndiponso ngati angathandizeko pa mtengo wa kafukufuku. Yankho lake likabwera, itanitsani msonkhano wa mamembala onse, anyamata asanu aja akhalepo, ndipo mubwere ndi maminitsi ake kuti tilembe malamulo a kopaletivi.