Kodi a Schwartz ndi Myuda kapena Mjeremani?

Mayi wina wanditumizira imelo kuchokera ku Johannesburg. Akuti kuntchito kwawo kwabwera bwana watsopano, a Schwartz, ndipo anzawo akukangana: ena akuti dzinali ndi la Ayuda, ena akuti ndi la Ajeremani. Akufuna kudziwa zoona zake.

Mayi, anzanuwo onse sakunama. Dzinali ndi la mitundu yonse iwiri, ndipo palokha silingakuuzeni kuti bwana wanu ndi wa mtundu uti.

M'Chijeremani mawu akuti schwarz amatanthauza chakuda. Cha m'ma 1200 ndi 1300, anthu atachuluka m'mizinda ya ku Germany, dzina limodzi silinkakwanira. A Hans analipo ambirimbiri, ndiye ankawasiyanitsa ndi ntchito kapena maonekedwe: wachigayo ankamutcha Müller, wosula zitsulo Schmidt, wamng'ono thupi Klein, watsitsi lakuda bii Schwarz. Dzina lija linakanirira mpaka kwa zidzukulu. Lero Schwarz ali m'gulu la mayina 25 ofala kwambiri ku Germany, ndipo eni ake ambiri kumeneko si Ayuda. Mwini masitolo a Lidl, Dieter Schwarz, ndi mmodzi wa iwo.

Ayuda ambiri a m'chigawo chapakati ndi chakum'mawa kwa Ulaya analitenga mochedwa, ndiponso mokakamizidwa. Iwo ankadziwika ndi dzina la bambo, monga Moshe ben Yaakov, kutanthauza Mose mwana wa Yakobo. Mu 1787 mfumu ya Austria, Joseph II, inalamula kuti Myuda aliyense akhale ndi dzina la banja losasintha, lachijeremani, kuti boma lisamavutike polemba anthu a msonkho ndi a usilikali. Napoleon wa ku France anachita zofanana mu 1808, ufumu wachijeremani wa Prussia mu 1812. Tangoganizani munthu wamkulu ndi ndevu zake ataima pamaso pa kalaliki, n'kutuluka ndi dzina limene agogo ake sanalimvepo! Poti Chiyidishi chomwe ankalankhula n'chachibale ndi Chijeremani, mayina apafupi anali omwewo: Schwarz, Weiss, Gross, Klein.

Pakati pa 1881 ndi 1924 Ayuda oposa 2 miliyoni anasamukira ku America, ambiri n'kukhazikika ku New York. N'chifukwa chake kumeneko munthu akamva Schwartz, wa "tz" uja, amathamangira kuganiza Myuda, ngakhale kalembedweko si umboni. Ena analitaya dzinalo pothawa tsankho. Mpondamatiki George Soros anabadwira ku Budapest, m'dziko la Hungary, mu 1930 ali Schwartz, ndipo banja lawo linasintha mu 1936.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mu 1938. Boma la Hitler, poona kuti mayina ngati amenewa sankaonetsa yemwe ndi Myuda, linalamula kuti amuna achiyuda awonjezere dzina lakuti Israel, akazi Sara.

Komwe muliko dzinali lili ndi mbiri yake. Harry Schwarz anabadwira ku Cologne, m'dziko la Germany, mu 1924, anafika ku South Africa ali mwana mu 1934 banja lawo pothawa a Nazi. Anadzakhala loya pa mlandu wa Rivonia (umene unamangitsa Nelson Mandela), phungu wotsutsa tsankho, kenako kazembe wa dzikolo ku America kuyambira 1991. Bwana wanuyo mukadzazolowerana, mudzawafunse mwaulemu komwe agogo awo anachokera ndi chaka chomwe anafika. Akatchula Lithuania, dziwani kuti ndi kumene kunachokera makolo a Ayuda ambiri a ku South Africa.