Agogo olera adzukulu anayi: poyambira kuwapezera thandizo

Mayi, mwafunsa za agogo oyandikana nanu amene akulera adzukulu anayi amasiye, wamng'ono wa zaka ziwiri akungowonda komanso watupa mapazi, ndipo mukufuna kudziwa ngati angalowe mu Mtukula Pakhomo. Za Mtukula Pakhomo tifikako, koma za mwanayo zisagone.

Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenako muchotse. Pakatsala kadzenje uku ndi uku, kumeneko ndi kutupikana kobwera ndi kunyentchera. Ambiri amati ndi tsempho n'kuyamba kuzungulira kwa asing'anga, masiku n'kumatha, chonsecho mwana wotupikana amafooka msanga. Apite lero kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene timati HSA uja, kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi. Am'funditse bwino panjira chifukwa ana oterewa sachedwa kuzizidwa. Asaiwale buku lake la kuchipatala. Ngati linatayika pa maliro a mayi ake, apite basi, akapeza lina konko.

Kuchipatala akamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakasonyeza pofiira, ndiye kuti mkono sunafike masentimita 11.5 ndipo kunyentcherako n'kwakukulu. Akamulawitsanso chiponde. Akadya bwino ndipo alibe vuto lina, amabwerera kunyumba ndi mapaketi ake n'kupatsidwa tsiku lobweranso kusikelo. Akakana kudya, kapena kutupa kwafika kumaso, kapena thupi latentha kwambiri, amagonekedwa ku NRU, wodi ya ana onyentchera, kumene amayamba ndi mkaka wapadera wa F-75 asanafike pa chiponde.

Pamenepa ndi pamene zinthu zimakonda kusokonekera. Agogo akagonekedwa ndi mwana, mtima umakhala pa atatu otsala kunyumba, ndiye ena amathawa m'chipatala mwana asanachire. Konzani lero lomwe woti aziwaphikira ndi kugona nawo anawo, kaya wachibale, kaya amayi a Mvano kapena a Dorika, kaya amayi a kumzikiti, malinga ndi kumene agogowo amapemphera. Vuto lina ndi kugawana chiponde. M'nyumba ya njala n'kovuta kuti mmodzi azidya ena akuyang'ana, koma mapaketi aja amawerengedwa molingana ndi kulemera kwa wodwalayo. Akagawana, sikelo siikwera. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi.

Popeza makolo onse anamwalira, pemphani kuti ana anayi onsewo ayezedwe magazi a HIV, ndipo amene akutsokomola nthawi yaitali aunikidwe TB. Kuchipatala cha boma kuyeza ndi mankhwala ndi zaulere. Ngati chapafupi ndi cha mishoni, funsani kaye ngati chili pa mgwirizano ndi boma wothandiza ana aang'ono mosalipira, chifukwa mapangano amenewa amasiyana chipatala ndi chipatala. Mukafuna uphungu muli kunyumba, imbani 54747 pa Airtel, ndi Chipatala Cha Pa Foni, mwaulere.

Tsopano Mtukula Pakhomo. Pulogalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imafikira pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse, amene ali osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Nyumba ya agogo okalamba yokhala ndi ana okhaokha ndi imene imaganiziridwa. Koma munthu salembetsa tsiku lililonse ngati kugula fomu ayi. Maina amachokera mu kalembera wa mabanja wa UBR, amatsimikizidwa pamsonkhano wa m'mudzi, ndipo kalemberayo amabwera patapita nthawi. Choti muchite n'kuonana ndi amfumu ndi a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu, mufunse ngati banjali lili m'kaundula, ndipo ngati mulibe, alidziwe kuti lisadzadumphidwe. Aliyense wopempha ndalama kuti alembe dzina akuba, mukam'nene ku ofesi ya Social Welfare. Agogowo akhale ndi chiphaso cha unzika chosatha ntchito, ndipo dzina lolembedwa lifanane ndendende ndi la pachiphaso. Ambiri amavutika polandira chifukwa analembetsa dzina la kwa amuna awo pamene chiphaso chili ndi la bambo awo.

Munthu wina wofunika kwambiri, amene ambiri samudziwa, ndi woteteza ana wa m'dera la T/A wanu, Child Protection Worker. Iyeyo amayendera banja, amalemba nkhani yake, n'kuitumiza ku ofesi ya Social Welfare kuboma. A HSA kapena amfumu amakhala ndi nambala yake. Kudzera mwa iyeyu mungafunse za thandizo la sukulu la ana okulirapo, ndiponso sukulu ya mkombaphala yapafupi kumene wamng'onoyo angamapite akachira. Ngati pali achibale amene analanda munda kapena katundu wa malemu, kapena mwana wina akuchitidwa nkhanza, imbani 116 mwaulere kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi.

Kulikonse kumene mwapita, pemphani kuti akulembereni, kaya m'buku la kuchipatala kaya pa kalata yokutumizani kwina, yokhala ndi dzina la wolemba, tsiku ndi chidindo. Agogo akapita okha pakamwa pokha amabwezedwa kuti abwere mawa, ndipo ndalama ya kabaza yobwerera kawiri alibe. Ngati mungathe, aperekezeni ulendo woyambawu, mulembe pachikuto cha buku tsiku lobwereranso kusikelo, ndipo mutenge nambala ya a HSA kuti aziwayendera mwanayo akatuluka.