Siteshoni ya Abergynolwyn: bwanji ili kutali ndi mudzi wake?

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Birmingham wandilembera imelo. Akuti anapita ndi ana ake ku Wales, n'kukwera kasitima kakale ka Talyllyn Railway. Atatsika pa Abergynolwyn anadabwa kuona kuti mudziwo uli kumunsi m'chigwa, wofunika kuyenda wapansi ndithu. Funso lawo ndi ili: "Kodi omangawo ankaganiza chiyani? Nanga bwanji mabogi ake amatsegulidwa mbali imodzi yokha?"

Mayi, zikomo pofunsa. Njanji imeneyi sanaimangire anthu. Anaimangira miyala.

Pamwamba pa mudziwo panali mgodi wa Bryn Eglwys, kumene ankakumba sileti. Inde, mwala womwe uja agogo athu ankalembapo kusukulu, koma ku Britain ntchito yake yaikulu inali yofolera nyumba. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itasokoneza malonda a thonje, William McConnel, wa mafakitale opota thonje ku Manchester, anaona kuti ndalama aziike kwina. Iye ndi anzake anatenga mgodiwo mu 1864, ndipo chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inavomereza njanji yotsitsira miyalayo ku Tywyn, m'mbali mwa nyanja. Poti cholinga chinali kukafika kumgodi, njanjiyo inkakwera pang'onopang'ono m'mbali mwa phiri, osatsikira m'chigwa. Siteshoni anangoiika pamene njanji inadutsa. Okwera anayamba kunyamulidwa mu December 1866, ndipo kwa zaka 110 Abergynolwyn ndi pamene ulendo wawo unkathera.

Chimene chimandigwira mtima ndi momwe katundu ankafikira m'mudzimo. Kupitirira siteshoni kunali kanjanji kotsetsereka kwambiri, ndipo ngolo ankazitsitsa ndi chingwe mpaka kumunsi. Kumeneko tinjanji tinkadutsa kuseri kwa nyumba za okumba miyala, moti malasha ankafika pafupi ndi khomo lakuseri. Pobwerera, ngolozo zinkanyamula za m'zimbudzi. Tangoganizani: malasha ankatsika pangolo mpaka pakhomo, koma mwini nyumba akafuna sitima ankakwera phiri ndi miyendo yake.

Za zitseko, nkhani yake ndi iyi. Njanjiyi ndi yopapatiza, mamilimita 686 okha. Captain Henry Tyler, amene boma linamutuma kudzaiyendera isanayambe kunyamula anthu, anapeza kuti pansi pa milatho mpata wa pakati pa bogi ndi khoma unali wochepa kwambiri. M'malo mogumula milathoyo, eni ake anasunthira njanji mbali imodzi n'kukhomerera zitseko za mbali yothinayo. Mpaka lero anthu amakwera ndi kutsikira mbali imodzi.

Mgodi unatsekedwa mu 1946 mbali ina itagumuka. Apa njanjiyi ikanafera pomwepo, koma mwini wake panthawiyo, Sir Henry Haydn Jones, yemwe anaigula mu 1911, anali atanena kuti sitima iziyenda iye ali moyo. Anasunga mawu ake ngakhale inkamudyera ndalama, mpaka anamwalira mu July 1950. Pa 11 October chaka chomwecho, wolemba mabuku Tom Rolt ndi anzake anakumana mumzinda wanu womwewo wa Birmingham n'kukhazikitsa bungwe loteteza njanjiyi la Talyllyn Railway Preservation Society. Pa 14 May 1951 anayendetsa sitima yawo yoyamba, ndipo iyi inakhala njanji yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu ongodzipereka. Anaipeza ili yothaitha, udzu utamera mpaka kukwirira mitanda yowola, injini yoyenda ili imodzi, Dolgoch ya mu 1866. Ine anthu amenewa ndimawavulira chipewa, chifukwa panalibe wina anachitapo zotere woti amuonere.

Mu 1976 anatsegulira okwera chigawo chopitirira mpaka Nant Gwernol, chomwe kale chinali cha ngolo za miyala zokha. Mu 2021 bungwe la United Nations la UNESCO linaika mgodiwo, mudziwo ndi njanjiyo pamodzi m'gulu la malo a sileti a ku Wales ofunika kusungidwa.

Mukadzapitanso, Mayi, musadzatsikire pa Abergynolwyn. Dzapitirireni mpaka Nant Gwernol, ndipo sitima ikadzachoka pa Abergynolwyn anawo adzakhale tcheru kuyang'ana kumanzere. Adzaona pamene ngolo zija zinkayambira kutsika, madenga a mudziwo ali pansi pawo.