Bwana wabwino mumamudziwa tsiku lomwe mwabweretsa nkhani yoipa

Achimwene, mwati akuitanani ntchito ku kampani ya ma consultant yopanga mapulani a njanji ndi misewu ya mabasi, nde mukufuna kudziwa ngati mabwana ake ndi abwinobwino musanasaine. Ine ndagwirapo mmakampani awiri otere.

Zomwe amapachika pakhoma zija, zoti ife ndife banja limodzi, musazitengere, aliyense ali nazo. Kampani yotere sigulitsa simenti, imagulitsa maola anu. Sabata iliyonse mumadzaza timesheet ndipo amaona kuti pa maola anu ndi angati omwe kasitomala alipire. Nde bajeti ya pulojekiti ikatha ntchito isanathe, bwana wina amangokunong'onezani kuti musalembe maola enawo, inu nkumagona mu ofesi ulere, ndipo choopsa nchoti tenda yotsatira amawerengera pa maola abodza omwewo, mtengo nkutsikanso, anthu nkuvutikanso chimodzimodzi, sizitha.

Koma chachikulu ndi nkhani zoipa. Ku kampani yoyamba ndinapeza kuti paipi ya madzi a mvula ikudutsa pomwe payenera kudutsa ma cable a ma signal owongolera sitima, kutatsala masiku awiri kuti tipereke ma drawing. Ndinapita ndi pepala mmanja, bwana sanaliyang'ane nkomwe, anangoti akakonza ku site, wandimva? Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kutseka pakamwa, ndipo injiniya wotseka pakamwa ngoopsa. Ku yachiwiri zofanana zitachitika, mayi amene amatitsogolera anakoka mpando nkukhala pa desiki yanga, tinaona limodzi, kenako anaimbira kasitomala yekha kuti tichedwa, dzina langa osalitchula olo kamodzi.

Musaone ngati nzazing'ono. Crossrail, pulojekiti ya njanji yatsopano ya ku London, imayenera kutsegulidwa mu December 2018, koma zoti sizitheka zinalengezedwa mu August chaka chomwecho, miyezi inayi yokha isanakwane, mpaka inadzatsegulidwa mu May 2022 ndi dzina la Elizabeth line, ndalama zitachoka pa mapaundi 14.8 biliyoni kufika pafupifupi 19 biliyoni. Kukumba pansi anali atamaliza kalekale, zomwe zinavuta ndi masiteshoni komanso kulumikiza ma signal a mitundu itatu kuti azimvana ndi sitima. Vuto lotere silibadwa usiku umodzi, limangochedwa kufika kumtunda.

Funsaninso kuti mwini kampani ndani. Pa makampani akuluakulu a ma consultant, Arup ili mmanja mwa trust, bungwe loimira ogwira ntchito, Mott MacDonald eni ake ndi antchito omwewo, pomwe AECOM ndi WSP zili pa msika wa masheya komwe miyezi itatu iliyonse amafuna manambala. Sikuti awa ndi angelo enawo ndi afiti ayi, ofesi imodzi ikhoza kukoma ina nkuwawa mkampani yomweyo, kungoti mudziwe komwe phuma lizichokera.

Pa intavyu musaope, afunseni kuti amacheka ma drawing ndani, ndi munthu wina kapena yemwe wajambula yemweyo, nanga ndani azikusainirani mapepala kuti mulembetse ngati injiniya wovomerezeka. Ndipo pemphani mucheze ndi junior mmodzi, injiniya wongoyamba kumene, bwana palibe, mumufunse kuti ulendo womaliza atalakwitsa zinatha bwanji. Akayamba wayang'ana kukhomo asanayankhe, ine ndingapitirize kusaka kwina.