Musagule jointer musanagoneke chitsulo chowongoka patebulo lake

Achimwene, mwafunsa kuti ndi jointer (makina opala ndi kuwongola matabwa) iti ingakwane m'kagalaja kanu komwe mumapangiramo mashelefu ndi timatebulo mukaweruka, ndalama zili zochepa, ndipo ndaona kuti mtima wanu wagwa kale pa tija ting'onoting'ono toika pabenchi. Mwachita bwino kufunsa. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ine ndinalidya, ndiye ndingokuuzani zomwe zinandionekera.

Yanga yoyamba inali yapabenchi yomweyo. M'lifupi mainchesi 6, matebulo onse awiri kuwaphatikiza osafika masentimita 80, a aluminiyamu, yopepuka moti ndikamaliza ntchito ndinkainyamula ndekha kukaiika pakona. Masabata oyamba ndinkaiyamikira kwa aliyense. Timatabwa ta mabokosi ndi mafelemu a zithunzi tinkatuluka tosalala bwino. Mavuto anayamba tsiku lomwe ndinafuna kupanga tebulo lodyera lotalika mamita 1.8, matabwa asanu oti ndiwalumikize m'mbali ndi guluu. Ndinapala m'mbalimo n'kuwagundanitsa. Pakati akupsopsonana, koma kumapeto kuli mpata woti chikhadabo chikulowa. Ndabwereza. Mpata uja wasamukira pakati. Ndabwerezanso. Pofika madzulo thabwa lomwe linali masentimita 20 m'lifupi linali litatsala 18 mbali ina, mbali inayo 19, pansi pali mulu wa utuchi, ndipo silinawongokebe. Ndinayamba kudzikayikira ndekha kuti mwina manja angawa ndi amene sadziwa ntchito.

Vuto linali kutalika kwa tebulo. Jointer imawongola thabwa potengera matebulo ake. Lolowetsera limakhala lotsika pang'ono, lotulukira limakhala mulingo umodzi ndi nsonga ya mipeni, ndiye mbali yomwe yapalidwa kale imagona palotulukiralo n'kumatsogolera yotsalayo. Thabwa likatalika kwambiri kuposa matebulo, theka lake limalendewera m'malere, ndipo makina amangotsatira kupindika komwe analipeza nako. Amisiri amawerengera kuti jointer imawongola bwino thabwa lotalika pafupifupi kawiri kutalika kwa matebulo ake. Ndiye ya masentimita 80 ija malire ake ndi mita imodzi ndi theka, ndipo kwa ine ikadutsa 1.2 inkayamba kale kunama. Yoima pansi ya mainchesi 6 omwewo imakhala ndi matebulo ofika cha m'ma masentimita 115, imeneyo thabwa la chitseko imalilandira osadandaula.

Chinanso chomwe chinandidyetsa mutu ndi fensi, chotsamiritsa thabwa chija. Inali ya aluminiyamu yopyapyala, yomangidwa ndi chogwirira chimodzi kumbuyo. Uike sikweya, uchune pa madigiri 90 ndendende, ukangomanga yasuntha. Ukakankhirapo thabwa lolemera imagonja pang'ono. Pathabwa limodzi simungaone kanthu, koma mulumikize asanu, pamwamba pa tebulo pamatuluka mokhala ngati bwato. Pali kanzeru kake: thabwa loyamba mutsamiritse nkhope yapamwamba kufensi, lachiwiri yapansi, kulakwikako kumafafanizana polumikiza. Koma munthu sugula makina kuti uzikhalira kuwanyengerera. Phokoso ndiye osanena. Timakina timeneti timakhala ndi mota ya makaboni ngati ya chopukusira chamanja, imalira mokuwa, anthu m'nyumba amadziwa kuti lero kulibe kupuma. Zazikulu zimayendera mota ya induction ndi lamba, zimangong'ung'udza.

Ndiye yankho langa ndi ili: funani yakale, yoima pansi, ya mainchesi 6, matebulo ndi fensi zonse za cast iron, chitsulo cholemera chija chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Yomwe ndili nayo pano ndinaigula pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa kapabenchi katsopano, mwina kupitirirako pang'ono nditawonjezera lamba ndi mipeni. Poyerekeza ndi yatsopano ya mtundu womwewo, inali cha m'theka. Penti yake inali itasupuka, pamwamba pali dzimbiri lofiira, mwini wake akuchita nayo manyazi. Ine ndinkayang'ana zina.

Popita kukaiona musapite chimanjamanja. Tengani chitsulo chowongoka chofika mita imodzi chomwe mumachikhulupirira, sikweya yabwino, tochi, ndi thabwa louma loti mukayesere. Chotsani pulagi kukhoma. Kwezani tebulo lolowetsera lifanane ndi lotulukira, tembenuzani mutu wa mipeni, chozungulira chija cha pakati pa matebulo, kuti mpeni usatulukire pamwamba, kenako gonekani chitsulo chija kudutsa matebulo onse awiri. Yezani kufupi ndi fensi, kumbali ya kwa inu, komanso mopingasa kuchoka ngodya ina kupita ina. Tochi muike kumbuyo, inu muwerame diso lifike pamulingo wa tebulo. Kuwala kukuuzani zonse. Pomwe mwaona mpata yesani kulowetsa pepala wamba, lomwe kukhuthala kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.1. Likamalowa momasuka, pali nkhani.

Koma nkhanizo zilipo ziwiri, musazisokoneze. Ngati tebulo lililonse palokha ndi lathyathyathya koma limodzi lagwa pang'ono kumapeto, zimenezo zimakonzeka. Makina akale ambiri matebulo ake amatsetsereka m'njanji zopendekeka, ndipo zikadyeka tebulo limawerama. Mumamasula mabawuti a m'mbali, n'kulowetsa kachitsulo kopyapyala m'njanjimo, ine ndinadula kachitini ka chakumwa. Chitani zimenezi kutebulo lotulukira, popeza silisunthidwasunthidwa. Zinanditengera masana amodzi ndi kutukwana pang'ono. Koma tebulo lenilenilo likakhala lopotoka, kapena lili ndi chigwa pakati, kapena mwaona mng'alu pansi pomwe limagwirana ndi thupi la makina, tsanzikani muzipita, ngakhale akutsitsireni mtengo motani. Fensi nayo muiyeze ndi sikweya kumayambiriro, pakati ndi kumapeto. Ikakhala 90 uku koma uko ayi, ndi yopotoka, ndipo palibe bawuti yomwe ingaiwongole.

Dzimbiri lapamwamba lisakuopsezeni, sandipepa yosalala ndi phula zimathetsa. Mabering'i mumawamva potembenuza mutu ndi dzanja, akamakhadzula kapena kugwedera ndiye atha, koma ndi otchipa ndipo amasinthika. Chomwe anthu amaiwala ndi timabawuti togwira mipeni. Tikakhala todyeka mitu chifukwa wina ankamanga ndi sipanala yolakwika, mudzalira tsiku losintha mipeni. Werenganinso kachitsulo kolembedwa pamota. Makina ambiri ochokera m'mashopu akuluakulu amafuna magetsi a three-phase, aja a m'mafakitale, omwe m'nyumba zambiri mulibe, ndipo kusintha mota kukhoza kudya ndalama yonse yomwe mumati mwapulumutsa.

Ndawerenga mayankho a anzathu pamwambapa akuti gulani ya mainchesi 8 ya mutu wa helical, uja wa timipeni ting'onoting'ono tambirimbiri, basi. Ndi yabwinodi, sindikukana. Timipeni take ta carbide, chitsulo cholimba kwambiri, timakhala ndi mbali zinayi, kamodzi kakabenthuka mumangokatembenuza, ndipo pamatabwa amitsempha yosokonekera sikumbakumba ngati mipeni yowongoka. Koma munthuyu wanena kuti ndalama ndi zochepa ndipo galaja ndi laling'ono. Chinthu chimenecho mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo kuchitsitsa pagalimoto kumafuna anthu anayi. Chenjeraninso ndi timakina tapabenchi tolembedwa kuti spiral pakatoni. Tina timipeni take ndi ta mbali ziwiri zokha, ta chitsulo chotchedwa HSS chomwe sicholimba ngati carbide, ndipo mutu wokongola suwonjezera sentimita ngakhale imodzi patebulo lalifupi.

Mipeni yowongoka itatu ndi yokwanira, bola muidziwe kuchuna kwake. Gonekani rula yathabwa patebulo lotulukira, nsonga yake ili pamwamba pa mutu, ndipo tembenuzani mutuwo pang'onopang'ono ndi dzanja. Mpeni uyenera kuigwira rulayo n'kuikoka mamilimita awiri kapena atatu. Mpeni uliwonse ukoke mofanana, kumbali ya fensi ndi kumbali yanu. Tebulo lotulukira likatsika kuposa mipeni, thabwa limakumbika kumapeto kwake masentimita angapo omaliza. Likakwera, thabwa limagunda m'mphepete mwa tebulo kapena limatuluka losongoka. Anthu ambiri amagulitsa makina abwinobwino chifukwa cha kachinthu kameneka, ndipo ndikukayikira kuti yangayi ndinaipeza motero.

Simunanene ngati muli ndi thicknesser, makina aja opala thabwa kuti kukhuthala kwake kufanane paliponse. Jointer imakupatsani nkhope imodzi yathyathyathya ndi mbali imodzi ya sikweya, basi. Mukatembenuza thabwa n'kupala nkhope inayo, isalala, koma kukhuthala sikufanana kuchoka uku kufika uko. Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, ine ndingayambe ndi thicknesser. Thabwa lopotoka mumaligoneka pa MDF yathyathyathya (bolodi ya utuchi wopanikiza), pomwe likugwedera mupanikizepo timapepala tolimba kapena timitengo, mumate ndi guluu wamoto, mulowetse zonse pamodzi mpaka pamwamba payere, kenako muchotse n'kutembenuza. M'mbali mungawongole ndi puleni yamanja ya No. 7, yotalika masentimita 56. Tebulo lodyera lija ndinalipulumutsa ndi imeneyo, yobwereka, thukuta lili kamukamu, koma matabwa anagwirana osasiya mpata.

Za zala zanu tsopano, chifukwa makina awa salumako pang'ono ayi, amapala chala monga apalira thabwa ndipo sipatsala choti asoke. Ngati chotchinga mipeni palibe kapena sipuling'i yake yafa, musayatse mpaka mutakonza. Kathabwa kofupika kuposa masentimita 30 kasapitepo, kamagwera m'mpata wa pakati pa matebulo n'kubwerera ngati chipolopolo, dzanja n'kutsala pamipeni. Popala nkhope gwiritsani ntchito zokankhira ziwiri, osati zikhatho. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera ayi. Muzichotsa milimita imodzi paulendo, mbali yokumbika ya thabwa iyang'ane pansi kuti ligone pamiyendo iwiri, ndipo osayerekeza kupala kumutu kwa thabwa komwe mitsempha yadukira. Matabwa ogumula ku zinthu zakale muziwafufuza misomali kaye. Msomali umodzi wobisika unandibenthulira mipeni yonse itatu pamalo amodzi, thabwa lililonse n'kumatuluka ndi kamzere kotumphuka, mpaka ndinasunthira mpeni umodzi pambali pang'ono kuti mabalawo asalondolane.

Mukaipeza yakaleyo, musanapereke ndalama, jambulani pansi pa matebulo, timabawuti ta mipeni ndi kachitsulo kapamota muike muno tione limodzi. Ndipo mundiuze kutalika kwa thabwa lalitali kwambiri lomwe mumagwiritsa ntchito, chifukwa ngati zanu zonse sizidutsa mita imodzi, kapabenchi kokhala ndi fensi ya cast iron kakhoza kukukwanirani, ngakhale ine sindidzakagulanso.