Kubinya, kuguluka, kuthyoka: mawu a mkono wovulala

Mphunzitsi wina wa ku Luchenza wafunsa: Ana anga amalemba kuti "ndathyola mkono". Kodi n'zolondola?

Aphunzitsi, mneni ameneyu kuno sitingamusowe, popeza m'minda ya tiyi anthu amathyola tsiku ndi tsiku. Kuthyola kumafuna munthu wochita ndi chinthu chochitidwa: mayi athyola tiyi, mnyamata wathyola ndodo. Kuthyoka kumangonena zimene zachitikira chinthucho, osatchula amene wachititsa. Choncho mwana amene wagwa mumtengo wa mango alembe kuti "ndathyoka mkono" kapena "mkono wanga wathyoka". Akalemba "ndathyola mkono", mufunseni kuti wa yani. Aneni oyenda awiriawiri chonchi alipo ambiri: kudula ndi kuduka, kugulula ndi kuguluka, kung'alula ndi kung'aluka. Muwakumbutsenso kuti kalembedwe kake ndi thy, osati "kutchoka". Ndi thy yemweyo ali m'dzina la Thyolo, limene atsamunda ankalemba kuti Cholo.

Mayi wina wa ku Chitakale wafunsa: Mwamuna wanga anagwa pa njinga n'kutsamira dzanja pansi. Ena akuti wabinya, ena akuti wathyoka. Kusiyana kwake n'kotani?

Mayi, mawuwa si ofanana, ndipo kuwasakaniza kwalemaza anthu. Kubinya kumachitika pamfundo, pamene mafupa akumana. Timitsempha tomanga mfundoyo tatamuka kapena tang'ambika pang'ono, koma mafupa ali m'malo mwake. Kuguluka ndi pamene fupa latuluka m'malo mwake, ndipo kumakonda paphewa ndi pazala. Phewa loguluka limaoneka lophwa, silikhalanso lozungulira, ndipo mwini wake amagwirizira mkonowo ndi dzanja linalo, osafuna kuti wina aukhudze. Kuthyoka ndi kwa fupa lenilenilo. Ngakhale litangong'aluka, achipatala amaliwerengera kuti lathyoka.

Vuto ndi lakuti mawu oti "wangobinya" amatonthoza, ndiye anthu amawathamangira. Ka "ngo" kameneka kamachepetsa nkhani munthu asanaunikidwe. Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8, ndipo kamodzi kamene kali patsinde pa chala chachikulu kamathyoka kawirikawiri munthu akagwa motsamira chikhatho. Kutupa kwake n'kochepa, zala zimagwedezeka bwinobwino, ndipo nthawi zina ngakhale chithunzi choyamba cha ekisireyi sichionetsa kanthu. N'chifukwa chake dokotala amatha kumanga dzanjalo n'kunena kuti mubwerenso patatha masiku 10 mpaka 14 kudzajambulitsanso. Kafupa kameneka magazi amakafika movutikira, ndipo kakanyalanyazidwa kamakana kulumikizana. Bambo akunyumbawo ngati akumva ululu mukadina kadzenje ka patsinde pa chala chachikulu, apite ku chipatala cha boma ku Mulanje akaunikidwe.

Mawu ena ofunika kusamala nawo ndi kuthowa. Kuthowa n'kuika nsalu yonyika m'madzi otentha pamalo opweteka. Pamasiku 2 kapena 3 oyamba kutentha kumawonjezera kutupa, choncho musathowe ndipo musasisite. Ikanipo nsalu ya madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku, vulani mphete chala chisanatupe, ndipo kolekani mkonowo pachifuwa ndi chitenje chomanga kukhosi. Phewa loguluka lisakokedwe kunyumba, chifukwa mwina fupa lathyokanso pomwepo.

Bambo wina wa ku Bvumbwe wafunsa: Kodi dzanja ndi mkono n'chimodzi? Nanga zambiri zake za phewa ndi "maphewa"?

Ayi bambo. Mkono umayambira paphewa, kudutsa pachigongono. Dzanja ndi chikhatho ndi zala. Pocheza timasakaniza, koma kwa dokotala lozani malo enieni. Zambiri za phewa ndi mapewa, h amachoka monga pa phiri ndi mapiri, khasu ndi makasu. Dzanja limapita ku manja, monga dzino ndi mano.

Wogwira ntchito kumunda wa tiyi ku Makwasa wafunsa: Mnzanga anadzitema ndi mpeni podulira tiyi. Kuchipatala anati mtsempha waduka, koma magazi sanatuluke ambiri. Ndi mtsempha uti?

Funso ili lakhudza pamene Chichewa chathu chimasenzetsa liwu limodzi katundu wambiri. Mtsempha ukhoza kukhala wa magazi. Ukhoza kukhala chingwe choyera cholimba chimene chimamangirira mnofu ku fupa n'kumakoka chala. Ukhozanso kukhala umene umanyamula mauthenga a kumva ndi kugwedeza. Ena amasiyanitsa potchula minyewa, koma liwu limenelinso anthu amaligwiritsa ntchito mosiyanasiyana. Langizo langa n'lakuti mtsempha usamayende wokha m'chiganizo. Muziupatsa ntchito yake. Wa magazi ukaduka, magazi amathamanga. Wokoka chala ukaduka, chalacho chimakana kupinda kapena kuwongoka ngakhale bala likhale laling'ono. Womvera ukaduka, khungu limachita dzanzi, mwina kulibaya ndi singano osamva. Wokoka chala sulumikizana wokha, chifukwa mbali yolumikizana ndi mnofu imathawira m'kati. Umafunika kusokedwa masiku oyambirira omwewo, kenako mafizo kwa milungu ingapo kuti chala chisaume. Mnzanuyo afunsenso za jakisoni wa kafumbata.

Agogo ena a ku Limbuli afunsa: Mdzukulu wanga amuika chikhakha, koma ena akuti pulasitala. Dzina lenileni ndi liti?

Agogo, nenani chikhakha. Pulasitala ambiri amamva ngati kansalu komata pabala. Ndipo timati "amuika chikhakha" kapena "amumanga chikhakha". Munthu wamkulu wothyoka pafupi ndi mfundo ya dzanja amakhala nacho milungu 6 kapena kuyandikira pamenepo, ana mafupa awo amagwirana msanga. M'nyengo ya mango ana ambiri amathyoka pamwamba penipeni pa chigongono, pamene padutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndiye mawu amene mdzukulu wanu akunena muwamvetsere bwino. "Kukuyabwa" n'kwachizolowezi, koma asalowetsemo kamtengo kokandira. Akati "chikundithina", "zala zachita dzanzi", kapena ululu ukukulirakulira makamaka mukamuwongola zala, yang'anani zalazo. Zikakhala zozizira, zotupa, zotuwa kapena zakuda, musadikire tsiku limene analemba m'buku lachipatala. Mubwerere naye tsiku lomwelo, ngakhale usiku, akamasule chikhakhacho.